Nsapato zopalasira njinga pamsewu: yopepuka pa sikelo, kapena yogwirizana ndi phazi?

Ubwino wa nsapato yopalasira njinga sudziwika m'sitolo. M'sitolo mumaivala mutakhala pampando, phazi lili lozizira, mwayenda masitepe asanu, basi mwakhutira. Khalidwe lake lenileni imadzalionetsa pa ola lachitatu, dzuwa lili paliwombo, pamene chala chaching'ono chachita dzanzi ndipo kunsi kwa phazi kukuotcha ngati mwaponda khala. Munthu wopalasa maulendo 90 pa mphindi imodzi, womwe ndi mlingo wamba kwa opalasa pamsewu, amazunguza mwendo uliwonse ka 5,400 pa ola. Kamsoko kongokhudza fupa pang'ono, mukakachulukitsa ka 5,400, ndi thuza limenelo.

Komabe ambirife tikafika pogula timayamba ndi funso lina: ikulemera magalamu angati? Opanga nsapato akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake magalamu amawalemba poonekera, pomwe m'lifupi mwa nsapatoyo mumachita kufufuza. Ine ndimayambira kwina: kaumbidwe ka phazi lanu kaye, kenako mtundu wa pedulo, kenako soli ndi kamangidwe, magalamu pomaliza. Koma poti magalamuwo ndi amene amakopa maso, tithane nawo msanga.

Magalamu

Nsapato yapakatikati ya pamsewu, ya saizi 42, imalemera pakati pa magalamu 230 ndi 300 imodzi. Zamipikisano zambiri zimatsikirako pang'ono, cha m'ma 200 mpaka 240. Kutsika kuposa apo ndiye kuli zodabwitsa. Mu 2019 kampani ya Specialized inatulutsa S-Works EXOS 99, yolemera magalamu 99 monga dzina likunenera. A kampani ya Giro anali atatulutsa kale Prolight Techlace ya magalamu pafupifupi 150. Ndipo Adam Hansen wa ku Australia, uja anamaliza mipikisano ikuluikulu ya masabata atatu yokwana 20 motsatizana, ankadziumbira yekha nsapato za kaboni (ulusi wolimba koma wopepuka kwambiri), iliyonse yosafika magalamu 100.

Tsono tiwerengere. Inuyo, njinga, zovala ndi madzi, zonse pamodzi tinene makilogalamu 80. Mwasintha nsapato n'kuchepetsa magalamu 50 phazi lililonse, onse pamodzi 100. Pa chikweza chimene mumachikwera ola lathunthu, mwapulumutsa masekondi osapitirira asanu. Pamsewu wosakwera palibe choti n'kuyeza. Botolo la madzi la theka la lita likadzaza limalemera kasanu kuposa zonse mwachepetsazo. Ena amati kulemera kwa nsapato kumawerengedwa kawiri poti imazungulira. Zimamveka bwino pakamwa, koma mukamayenda pa liwiro lokhazikika, yakumanja ikamakwera yakumanzere imakhala ikutsika, ndiye zimabwezerana. Kakusiyana kamaoneka pokhapokha mukadzambatuka mwadzidzidzi kuti muthamange, nakonso n'kochepa.

Kuti nsapato itsike kuchoka pa 250 kufika pa 150, pali zimene zimachotsedwa: siponji ya m'mbali mwa kakolo, chikhokho cholimba chogwira chidendene, kagudumu kachiwiri komangira, labala ya kunsonga yotetezera mukapunthwa. Kwa munthu wa phazi lowonda amene amapikisana m'mapiri, malonda amenewo ndi abwino. Kwa enafe tikugula nsapato yosachedwa kung'ambika komanso yosagwira bwino chidendene. Ndipo pa nkhani ya Hansen anthu amakumbukira magalamu n'kuiwala mbali inayo: nsapato zakezo ankaziumba pa chikombole cha mapazi ake enieni.

Tembenuzani nsapato muwerenge mabowo

Nsapato ya pamsewu imalumikizana ndi pedulo kudzera mu cleat, kachidutswa ka pulasitiki kapena chitsulo komangidwa ndi mabawuti kunsi kwa soli. Mukaponda kamakola m'pedulo, pochotsa mumapotozera chidendene kunja. Nzeruyi inachokera ku masewera a ski. Kampani ya Look ya ku France, yomwe inkapanga zomangira mapazi a otsetsereka pa chipale chofewa, inatulutsa pedulo yotere mu 1984, ndipo Bernard Hinault atapambana nayo mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 1985, malamba akale aja omangira phazi ku pedulo anayamba kusiyidwa.

Mabowo atatu ndiwo chizindikiro cha nsapato ya pamsewu yeniyeni. Apa pamalowa mitundu ya pedulo ya SPD-SL ya kampani ya Shimano ndi Keo ya Look. Cleat yake ndi yotakata, choncho phazi limakhazikika pamalo aakulu ndipo siligwedera m'mbali mukaimirira pokwera chitunda. Nsapato zake ndi zimenenso zimapepuka kwambiri, chifukwa kunsi kulibe labala yoyendera, kupatula kachidutswa kuchidendene ndi kunsonga. Vuto lake n'lomwelo. Mukatsika panjinga mumayenda ngati bakha, zala m'mwamba, ndipo pa simenti yosalala yonyowa mutha kukhala pansi musanafune. Cleat ya pulasitikiyo imaperepeseka ndi kuyenda kuposa ndi kupalasa. Dziwaninso kuti ngakhale mabowo ali ofanana, cleat ya Shimano sikola m'pedulo ya Look, ndipo ya Look sikola mwa Shimano. Nsapato imalandira zonse, pedulo ndi imene imasankha.

Mabowo awiri ndi a SPD wamba, imene Shimano anaitulutsa mu 1990 poganizira njinga zam'mapiri. Cleat yake ndi yachitsulo, yaing'ono, ndipo imabisala m'kamphako pakati pa labala ya soli, moti mumayenda ngati munthu. Mapedulo ake ambiri amakola mbali zonse ziwiri, simuchita kuwatembenuza ndi chala ponyamuka pamphambano. Nsapato zake zimalemererako, kawirikawiri ndi magalamu makumi angapo phazi lililonse, chifukwa cha labala ija. Opalasa ena pamsewu amazinyoza, amati n'zakutchire. Ine sindigwirizana nawo. Nsapato ya mabowo awiri ya soli yolimba, monga zimene amapangira mipikisano ya m'misewu yamiyala, imapalasa bwino lomwe pa phula. Ngati ulendo wanu uli ndi kutsikatsika, kapena ndi ulendo wa masiku angapo womwe simufuna kunyamula nsapato zachiwiri, kapena mukungoyamba kumene, iyi ndi imene ndingakulozereni. Palinso cleat ya SH56 imene imamasuka mukakoka phazi mbali zingapo, osati kumbali kokha, yothandiza kwa amene akuopa kugwa. Kugwako pafupifupi aliyense amagwa kamodzi. Ine ndinagwa nditaima chiimire pa magetsi apamphambano, pang'onopang'ono ngati mtengo wodulidwa, anthu akuonerera.

Mabowo anayi ndi a pedulo ya Speedplay, yomwe kuyambira 2019 ili m'manja mwa Wahoo. Nsapato zobooledwa kanayi n'zochepa, ambiri amagwiritsa kambale kolumikizira pa nsapato ya mabowo atatu. Chokoma chake n'chakuti phazi limatha kusewera mpaka madigiri 15 lili chikolere, ndipo mutha kuchepetsa kapena kuwonjezera mpatawo.

Mpata wosewera umenewu ndi nkhani ya bondo, musaupeputse. Ma cleat a SPD-SL amawasiyanitsa ndi mtundu: yachikasu imalola madigiri 6, yabuluu 2, yofiira siilola konse. Kwa Look Keo yofiira ndi imene imalola kwambiri, madigiri 9, yotuwa 4.5, yakuda siilola. Onani msampha pamenepo: yofiira ya Shimano ndi yofiira ya Look ndi zotsutsana. Amene sanayezedwe ndi katswiri wokhazika munthu panjinga ayambe ndi yolola kusewera, chifukwa cleat yosasewera ikapendekera pang'ono pomanga, bondo ndi limene limalipira.

Pali njira yachinayi imene magulu a opalasa pamsewu sakonda kuitchula: pedulo yafulati ndi nsapato ya labala yomata, monga za Five Ten. Pa maulendo afupiafupi kapena opuma nawo mphepo, palibe chochititsa manyazi. Imakutayitsani pothamanga mwamphamvu ndi popalasa mofulumira kwambiri, pamene phazi limafuna kudumpha pa pedulo.

Kaboni kapena nayiloni

Soli ndi imene imasiyanitsa kwambiri nsapato yodula ndi yotsika mtengo. Pansi pali nayiloni, nthawi zina yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi. Pakati pali nayiloni yosakaniza ndi kaboni, kapena yokhala ndi kambale ka kaboni pomwe pamakhala cleat. Pamwamba pali kaboni yekhayekha, wopyapyala, wopepuka, woti simungamupinde ndi manja.

Makampani amalemba manambala a kulimba kwa soli. Shimano amafika pa 12, Specialized pa 15, Fizik pa 10. Manambalawa ndi a m'nyumba mwawo, kampani iliyonse ili ndi muyeso wake, choncho 10 wa uyu sakutanthauza kuti ndi wofewa kuposa 12 wa uyo. Amathandiza pongoyerekeza nsapato ziwiri za kampani imodzi.

Otsatsa amati soli yolimba siitaya mphamvu yanu. Ofufuza a ku yunivesite ya Colorado ku Boulder anayesa zimenezi. Mu 2016 Asher Straw ndi Rodger Kram anayeza mpweya umene anthu amagwiritsa ntchito popalasa modekha, nthawi ina atavala nsapato zothamangira pa pedulo yafulati, nthawi ina nsapato zolimba zokola m'pedulo, ndipo sanapeze kusiyana. Kafukufuku wotsatira wa gulu lomwelo anaonetsa kuti pothamanga ndi mphamvu zonse, nsapato yolimba yokola m'pedulo imapambanadi nsapato wamba. Koma pakati pa nsapato zopalasira zokhazokha, ya nayiloni ndi ya kaboni, phindu lalikulu limene otsatsa amalonjeza silinaoneke.

Ndiye kaboni n'ngwachabe? Ayi. Ntchito yeniyeni ya soli yolimba ndi kumwaza mphamvu ya kuponda kuti isaunjikane pamalo amodzi. Munthu wolemera thupi kapena woponda mwamphamvu, akavala soli yofewa pa cleat yaing'ono ya mabowo awiri, pakapita maola amayamba kumva cleat ija ikumubaya kunsi kwa phazi. Kwa ameneyu kulimba ndiye kumasuka kwake. Koma soli yolimba kotheratu nayo siikhululuka. Kunjenjemera konse kwa phula lokhakhala kumafika ku phazi, ndipo ngati kupindika kwa soliyo sikukugwirizana ndi phazi lanu, siidzagonja, ligonje ndi phazi. Kwa ambiri amene amapalasa maola awiri mpaka asanu popanda mpikisano, soli yosakaniza ija ndi yokwanira, ndipo ndalama yotsalayo ikagwire ntchito pa insole yabwino, kachoyala ka m'kati mwa nsapato kamene phazi limapondapo.

Zingwe, zomata, kagudumu

Zomata ndi zopepuka, zotsika mtengo, zosavuta kumasula mukupalasa, n'chifukwa chake a mipikisano ya triathlon (yosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga motsatizana) amakonda lamba mmodzi wamkulu womata. Zikakalamba n'kudzaza fumbi ndi ulusi zimasiya kugwira. Palibe zambiri zonena.

Kagudumu kopotokola, kamene kamakoka waya wopyapyala, ndi kamene kali ponseponse masiku ano. Kodziwika kwambiri ndi BOA, kampani imene Gary Hammerslag anaiyambitsa ku Colorado mu 2001, poyamba pa majombo a snowboard, masewera otsetsereka pa chipale chofewa ndi thabwa limodzi. Sidi ya ku Italy ili ndi kagudumu kakekake kotchedwa Tecno. Ubwino wake ndi woti mumathina kapena kumasula pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi muli pa liwiro, ndipo phazi likatupa pakati pa ulendo zimenezi si masewera. Koma funsani zinthu ziwiri. Choyamba, kodi kagudumuko kamabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kapena kamangomasula zonse mukakakoka? Totsika mtengo tambiri timangothina, pomasula mumayambiranso. Chachiwiri, ndi kamodzi kapena tiwiri? Kamodzi kamakoka waya yense mofanana, ndiye mukafuna kugwira kakolo mwamphamvu zala nazo zimapanikizika. Tiwiri timakulolani kuthina kumtunda n'kusiya mpata kuzala. Kwa ine kagudumu kachiwiri ndi magalamu oyenera kuwanyamula.

Zingwe zinaoneka ngati zatha mpaka Giro atatulutsa Empire mu 2012, atapemphedwa ndi Taylor Phinney wa ku America. Zimadabwitsa kuti njira yakalekaleyi ndi imene imagawa bwino kuthina pamwamba pa phazi, chifukwa bowo lililonse ndi malo osinthira. Muli ndi fupa lotukuka pamwamba pa phazi? Dumphani bowo limenelo, nkhani yatha. N'zopepukanso, ndipo chingwe chikaduka mupeza china kulikonse. Koma mukamanga mwamanga, kusintha n'kuima kaye. Zikanyowa zimatamuka, ndipo nsonga zake muzizipisa bwino, chifukwa chingwe chikakodwa m'tcheni muli pa liwiro mudzalikumbukira tsikulo.

Phazi lenilenilo

Kampani iliyonse imaumba nsapato zake pa chikombole chake, ndipo zikombolezo n'zosiyana kwambiri kuposa mmene nambala ya saizi imaonetsera. Sidi ndi makampani ena a ku Italy akhala akudziwika ndi nsapato zowonda, zosongoka kutsogolo, ngakhale Sidi ali ndi mtundu wotakata wotchedwa Mega. Lake amadziwika ndi kupereka m'lifupi mosiyanasiyana pa nsapato imodzimodzi. Bont ya ku Australia, yomwe inayambira pa nsapato za otsetsereka pa ayezi, imapanga kutsogolo kotakata motsatira zala, ndipo soli yake ili ngati kabeseni kokwera m'mbali, koti mumakatenthetsa mu uvuni pamoto wochepa n'kukaumba pa phazi lanu. Shimano ndi Specialized nawo ali ndi mitundu yotakata pa nsapato zawo zambiri. Palibe mwa awa woposa mnzake, nkhani ndi yakuti phazi lanu likufanana ndi chikombole cha ndani.

Cholakwika chofala n'chakuti nsapato ikathina m'mbali, munthu amagula saizi yokulirapo. Saizi imodzi ya ku Ulaya imawonjezera mamilimita pafupifupi 6.7 m'litali, koma m'lifupi imangowonjezera pang'ono. Zotsatira zake chidendene chimayamba kuvuka, mabowo a cleat amasunthira kutsogolo kupitirira pamene akuyenera kukhala, ndipo mumathina kwambiri kagudumu kuti phazi lisasewere, zomwe zimabweretsanso dzanzi lija mumalithawa. Phazi lotakata limafuna nsapato yotakata, osati yaitali.

Dziyezeni nokha. Pondani papepala mutaimirira, mutavala sokosi zimene mumapalasira, wina ajambule mozungulira phazi, muyeze m'litali ndi m'lifupi mwa mamilimita. Mapazi onse awiri, poti nthawi zambiri limodzi limakulirapo, ndipo mumagulira lalikululo. Chitani madzulo, phazi litatupa kale ndi zochita za tsikulo. Kenako yerekezani ndi tchati cha kampaniyo, osati ndi saizi ya nsapato zanu zoyendera. Poyesa nsapato, kutsogolo kwa chala chachitali kutsale kampata ka mamilimita ochepa. Sikufunika mpata waukulu ngati wa nsapato zothamangira chifukwa popalasa phazi silipindika n'kutsetserekera kutsogolo. Zala zizitha kugwedezeka. Imirirani pa zala: chidendene chisatuluke. Ndipo musamvere zoti idzatamuka. Chikopa chenicheni, monga cha kangaroo chimene Lake amagwiritsa ntchito pa nsapato zina, chimatsatira phazi pakapita nthawi, koma nsalu zopanga zimene zili pa nsapato zambiri masiku ano anazipangira dala kuti zisatamuke. Pomwe pakukupwetekani m'sitolo padzakupwetekanibe chaka chamawa.

Moto wa kunsi kwa phazi uja uli ndi chifukwa chake. Pakati pa mafupa aatali a patsinde pa zala pamadutsa mitsempha. Phazi likatentha limatupa, nsapato ikakana kutakasuka mafupawo amapanikizana n'kufinya mitsemphayo. Musanathamangire kugula nsapato ina, yesani zinthu zitatu zosalira ndalama zambiri. Masulani kumunsi kwa nsapato ulendo ukafika pakati. Sunthirani cleat m'mbuyo, cha kuchidendene, mamilimita angapo, kuti kuponda kusagwere patsinde pa zala penipeni. Zimenezi zimapeputsanso ntchito ya katumba. Ndipo sinthani insole. Imene imabwera ndi nsapato nthawi zambiri ndi kasiponji kafulati kopanda ntchito, pomwe yokhala ndi kachitunda kochirikiza pakati pa phazi ndi kabatani kotukuka kuseri kwa tsinde la zala imatakasula mafupa aja. Specialized amagulitsa ma insole a misinkhu itatu, yofiira ya phazi lafulati, yabuluu yapakati, yobiriwira ya phazi lokwera pakati. Kumbukirani kuti insole yokhuthala imadya malo m'nsapato, choncho pitani nayo poyesa.

Za mpweya ndinene mwachidule. Nsalu yoluka ngati sokosi imapitisa mphepo bwino ndipo imafewera mafupa otukuka, koma imamwa madzi ndi fumbi, ndipo kukazizira zala zimauma. Nsalu yosalala yobooledwa timabowo imapukutika mosavuta ndipo imagwira phazi molimba. Kumalo otentha nsapato yoyera siitentha kwambiri ngati yakuda, kungoti imafuna munthu wokonda kutsuka. Nsapato yopitisa mphepo mutha kuivindikira ndi chovala chapamwamba kukazizira, pomwe yotseka simungaiboole kukatentha.

Mukazipeza ziwiri zokukwanani mofanana, apo ndiye yang'anani magalamu, ndipo yang'ananinso ngati kalabala ka kuchidendene n'komangidwa ndi bawuti. Kamaperepeseka msanga, ndipo ngati sikasinthika mudzayamba kuyendera kaboni weniweniyo. Tsiku loyamba ndi nsapato zatsopano musapite ulendo wautali. Soli ya kaboni imakhala yopyapyala kuposa ya nayiloni ndi mamilimita angapo, ndiye mwendo umafika patali pang'ono kuposa kale ndipo chishalo chingafunike kutsitsidwa ndi mlingo womwewo. Pakani girizi pang'ono pa mabawuti a cleat kuti asachite dzimbiri, ndipo mukapeza malo amene bondo lakhutira nawo, jambulani mzere mozungulira cleat ndi cholembera chosafufutika, kuti podzasintha yatsopano ikakhale pomwepo.